Mphamvu Imene Imapsa M'mabuleki: Ingabwerere M'batire N'kutipulumutsira Mafuta?

Lole ikatsika mapiri a pakati pa Blantyre ndi Chikwawa itasenza katundu, imafika pa Thabwa ikununkha. Fungo lake ndi la mabuleki akupsa, ndipo nthawi zina utsi umachita kuoneka ukufuka kumatayala akumbuyo. Kutentha konseko ndi mafuta amene mwini loleyo anagula ndi ndalama zake. Injini inawasandutsa liwiro ndiponso mphamvu yokwerera zitunda, ndiye pano mabuleki akuimwaza mphamvuyo mumpweya. Galimoto yaing'ono ikamaima pa maloboti kapena ikamafika pa hampu imachitanso zomwezo, kungoti iyo sifika ponunkha.

Kwathu kuno mafuta onse amachita kubwera kuchokera kumadoko a Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, ogulidwa ndi ndalama zakunja zimene zimatisowa kale, ndipo madalaivala akhala akugona pamizere kumalo omwetsera mafuta. Kutaya kotereku sitingangokuyang'ana. Kodi mphamvu imene imapsa m'mabuleki singagwidwe n'kusungidwa m'batire, kuti injini ipepukidwe ntchito n'kumamwa pang'ono? Ingagwidwe ndithu, ndipo magalimoto ambiri ochokera ku Japan amene adzaza m'misewu yathu amachita kale zimenezi. Koma kuchuluka kwa mphamvu imene imagwidwa kumasiyana kutalitali pakati pa galimoto ina ndi inzake. Apa ndi pamene ogula ambiri amasokonezeka, amakaniko enanso n'kumasintha zipangizo zimene sizinawonongeke.

Tiyambe taona kukula kwa chimene chikutayikacho. Galimoto yolemera makilogalamu 1,200 ikamathamanga makilomita 60 pa ola imakhala itanyamula mphamvu yokwana ma watt-hour 46, yoti ikhoza kuyatsa babu la mawati 10 kwa maola anayi ndi theka. Lita imodzi ya petulo ili ndi ma watt-hour pafupifupi 9,000, koma injini ikamayenda m'tauni imafikitsa kumatayala gawo limodzi lokha mwa magawo anayi, mwinanso losakwana. Yotsalayo imatuluka ili kutentha, ina ku ekizozi ina ku radiyeta. Ndiye kuti galimotoyo ichoke poima n'kufika pa 60, imawotcha petulo wokwana mamililita pafupifupi 20 wongoipatsa liwirolo basi. Mukaima n'kunyamukanso chonchi maulendo 50, lita yathunthu yapita. Choopsa china n'chakuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Pa 120 imafika ma watt-hour 185, pamene pa 30 ndi 12 okha.

Sikuti mphamvu yonseyo imathera m'mabuleki. Mphepo imadyako, matayala amadyako, injini nayo imakoka mukachotsa phazi pa moto. Komabe m'tauni, momwe munthu amaima pafupipafupi, mphamvu imene imatayika m'mabuleki imayambira gawo limodzi mwa magawo atatu mpaka theka la mphamvu yonse imene yafika kumatayala. Pamsewu wautali wopanda zoimitsa imakhala yochepa zedi, chifukwa kumeneko amene amadya kwambiri ndi mphepo, ndipo zimene mphepo yadya palibe angazibweze.

Kagwiridwe kake sikachilendo kwa munthu amene anapalasapo njinga yokhala ndi dayinamo. Ukangoikhudzitsa kutayala nyali imayaka, koma njinga imalemera, miyendo ndi imene ikulipira kuwalako. Ukamatsetsereka, kulemera komweko kumasanduka thandizo, poti umafuna kale kuchepetsa liwiro, ndipo kuwala kumabwera osakutopetsa. Mota yamagetsi ndi jenereta ndi makina amodzi. Ukaipatsa magetsi imazungulira. Ukaizunguza imatulutsa magetsi, ndipo ikamatulutsa imalimba, imabweza chimene chikuizunguzacho. Nzeru yonse yagona pa kusankha nthawi yoikhudzitsa: jenereta igwire ntchito yolemetsa pamene dalaivala akufuna kuima, ipume pamene akufuna kuthamanga. Pomwepa payankhidwenso funso limene achinyamata okonda zamagetsi amafunsa kawirikawiri, loti bwanji osamangirira jenereta kutayala kuti galimoto yamagetsi izidzitchaja yokha ikuyenda. Sizingatheke. Jeneretayo imabweza galimoto ndi mphamvu yoposa imene ikutulutsa, choncho batire lingathe msanga kuposa poyamba. Phindu limapezeka pokhapokha pamene liwirolo limayenera kutayidwa kale.

Anayamba ndi a masitima. Mu 1886 Frank Sprague wa ku America anali atapanga kale mamota otha kubweza magetsi pochepetsa liwiro. Kuyambira 1915 masitima amagetsi a kampani ya Milwaukee Road ankati akamatsika mapiri a Rocky, ankabweza magetsi mu waya wa pamwamba pa njanji, sitima ina yokwera n'kuwagwiritsa ntchito. Mpaka lero masitima onyamula miyala ya chitsulo kuchokera ku Kiruna, m'dziko la Sweden, amachita zomwezo potsikira kudoko la Narvik ku Norway. Masitima a dizilo nawonso amagwiritsa ntchito mamota awo ngati mabuleki, koma poti alibe waya wobwezeramo, magetsiwo amangowatenthera pa zitsulo zokupizidwa ndi mafani. Vuto la galimoto linali lomwelo, kusowa kosungira. Panadutsa zaka zambiri kufikira Disembala 1997, pamene Toyota inatulutsa Prius ku Japan, ndi pamene kutchaja batire pomanga buleki kunalowa m'galimoto yogulitsidwa kwa anthu ambirimbiri.

Koma tisathamangire hybrid, galimoto yoyendera injini ndi mota yamagetsi monga Prius. Galimoto wamba ya petulo nayo ili ndi jenereta yake, alternator, yozunguzidwa ndi lamba kuchokera ku injini. Ambiri timaganiza kuti magetsi a m'galimoto ndi aulere bola injini ikulira. Ayi ndithu. Usiku wamvula, mutayatsa nyali, mawaipa, fani ndi wailesi, kuwonjezera pa pampu ya mafuta ndi kompyuta zimene sizipuma, galimoto ikhoza kumakoka mawati 500. Alternator imataya pafupifupi theka la mphamvu imene lamba waipatsa, moti magetsi amenewa amadya petulo wopitirira kota ya lita pa ola. Alternator yachikale sisankha nthawi. Imangosunga mavolti 14 kaya mukukwera chitunda kaya mukutsika. Yamakono imalamulidwa ndi kompyuta. Mukaponda moto kompyuta imaichepetsa mphamvu, nyali ndi wailesi n'kumadya za m'batire. Mukachotsa phazi kapena kuponda buleki imaitsegulira mphamvu zonse, batire n'kubwezeredwa zimene linabwereketsa, pogwiritsa ntchito liwiro limene likanapsa m'mapadi a mabuleki. BMW inayamba kuika njirayi m'magalimoto ake ambiri mu 2007, ndipo makampani a ku Japan anaiika ngakhale m'timagalimoto totchipa.

Phindu lake ndi lenileni koma ndi laling'ono, kawirikawiri cha m'ma 3 peresenti ya mafuta. Chifukwa chake n'chosavuta kuwerengera. Galimoto ija ya makilogalamu 1,200 ikaima kuchoka pa 60 m'masekondi 8, mphamvu imatuluka pa mlingo wa makilowati oposa 20. Alternator ya ma amp 100 ikalimbikira kwambiri imatulutsa makilowati 1.4. M'masekondi 8 amenewo igwira ma watt-hour atatu okha pa 46 aja, ena onse apsa m'mabuleki monga kale. Ndipo ngakhale mutaika alternator yaikulu, batire la asidi la mavolti 12 silitha kumeza magetsi ambiri nthawi imodzi. Pali malire enanso. Magetsi ogwidwawo sakankha galimoto, amangoyatsa nyali ndi zina zotero. Choncho simungapulumutse mafuta oposa amene alternator inkadya poyamba.

Njirayi imafunanso batire lake. Batire lodzaza silingalandire kanthu, ndiye kompyuta imalisunga dala lili cha m'ma 80 peresenti kuti mukhale malo. Batire wamba silipirira moyo woterewu. Likamakhala losadzaza masiku onse, mapuleti ake amakutidwa ndi chinthu cholimba chonga mchere, n'kufa msanga. N'chifukwa chake magalimotowa, makamaka aja ozimitsa injini okha akaima, amabwera ndi mabatire a mtundu wa EFB kapena AGM. Pa ochokera ku Japan mudzaona zolemba monga M-42, Q-85 kapena S-95 pamwamba pa batire. Likatha, ambiri amangogula batire lililonse lokwana pamalopo poti ndi lotsika mtengo, ndipo posachedwa amabwereranso kusitolo.

Kugalaja nakonso kumachitika zomvetsa chisoni. Makaniko amatsegula boneti, n'kuika mita pamitu ya batire injini ikulira. Mita ikuonetsa 12.6 m'malo mwa 14 imene iye anazolowera. Amadzuka n'kunena kuti, "Bwana, alternator yanu yatopa, sikutchaja." Mwini galimoto amagula ina, koma mita ikaikidwanso imaonetsa 12.6 yomweyo, chifukwa yoyambayo inalibe vuto, kompyuta ndi imene inaiuza kuti ipume. Pa magalimoto ambiri otere mukayatsa nyali zazikulu, kapena mukachotsa phazi pa moto galimoto ikuyenda, mavolti amakwera kudutsa 14. Taonaninso pamutu wa negetivu wa batire, mudzapeza kachipangizo kakang'ono kolumikizidwa ndi timawaya. Kameneko kamawerenga magetsi olowa ndi otuluka. Woika wailesi kapena nyali zowonjezera akamangirira waya wake pamutu penipeni, kukalambalala kachipangizoko, kompyuta imayamba kuwerenga molakwika. Ndipo chizolowezi chakale chochotsa mutu wa batire injini ikulira, ati poyesa ngati alternator ikutchaja, chiyenera kutheratu. Mavolti amalumpha mwadzidzidzi, ndipo kompyuta ya galimoto ikhoza kupsa nthawi yomweyo.

Ena aluso amafuna kudzipangira okha njirayi pa galimoto yakale, polumikiza alternator ku switchi ya nyali za mabuleki kuti izitchaja pokhapokha buleki yapondedwa. Nzeru yake ndi yolondola, ndipo mtima wofuna kuyesa zinthu ndimaulemekeza. Koma sindingamulimbikitse munthu kuchita zimenezi pa galimoto imene amadalira. Nthawi imene phazi limakhala pa buleki pa ulendo wonse ndi yochepa kwambiri, sikwanira kubweza magetsi onse amene galimoto yadya. Popanda kompyuta yoyang'anira mlingo wa batire, lidzangotsikiratsikira mpaka tsiku lina m'mawa injini osalira. Petulo amene mungapulumutse pa chaka sangafanane ndi mtengo wa batire latsopano.

Makampani ena anafuna kupitirira malire a batire la asidi osafika pa hybrid yeniyeni. Mu 2012 Suzuki inaika kabatire kakang'ono ka lithium pansi pa mpando wakutsogolo wa Wagon R, njira imene anaitcha ENE-CHARGE, chifukwa lithium imalandira magetsi mofulumira. Chaka chomwecho Mazda inatulutsa i-ELOOP mu Atenza. M'malo mwa batire inagwiritsa ntchito capacitor imene imadzaza m'masekondi ochepa, ndi alternator yotha kukwera mpaka mavolti 25. Mazda inkati m'misewu yoimaima njirayi ikhoza kupulumutsa mafuta mpaka cha m'ma 10 peresenti. Palinso magalimoto olembedwa kumbuyo kuti S-Hybrid kapena Mild Hybrid, amene alternator yake imathanso kukankhako injini pang'ono ponyamuka. Onsewa amathandiza, koma wogula adziwe kuti chilembo cha Hybrid pa Nissan Serena yoteroyo sichikutanthauza zofanana ndi chilembo chomwecho pa Prius.

Hybrid yeniyeni ndiye nkhani ina. Titenge Toyota Aqua, imene inatuluka ku Japan mu Disembala 2011 ndipo ikuonekaoneka m'matauni athu. Pansi pa mpando wakumbuyo pali batire la mavolti 144, ndipo pambali pa injini pali mota ya makilowati 45 yolumikizidwa kumatayala akutsogolo. Alternator mulibe, sitata yachizolowezi mulibenso. Batire laling'ono la mavolti 12 limatchajidwa kuchokera ku lalikululo. Mukaponda buleki pang'onopang'ono, kompyuta imayamba yasandutsa motayo kukhala jenereta, ndipo mapadi amangothandizira. Pa dashibodi chizindikiro chimalowera ku mbali yolembedwa CHG. Mabatire a magalimoto a mtundu umenewu amatha kulandira makilowati cha m'ma 20, kuposa kakhumi zimene alternator ingagwire, ndipo umenewu ndi mlingo wokwanira kuima kwabwinobwino kwa m'tauni. Chachikulu n'chakuti magetsiwo amabwereranso kumatayala. Ponyamuka pa maloboti, mota ndi imene imakankha, panthawi yomwe injini ya petulo imamwa kwambiri.

Tisapereke ulemu wonse kwa mabuleki. Aqua imamwa pang'ono chifukwanso injini yake imazima galimoto ikaima kapena ikamakwawa mumdipiti, ndipo injiniyo ndi ya mtundu wa Atkinson, yofooka ponyamuka koma yosawononga mafuta, mota n'kumakwaniritsa pamene iyo yaperewera. Kutchaja pomanga buleki ndi gawo limodzi chabe la phindulo, ngakhale kuti m'tauni ndi gawo lalikulu. Ndipo makilomita 35.4 pa lita amene analembedwa pa Aqua yoyamba anachokera ku mayeso a ku Japan otchedwa JC08, oyendetsa mofatsa kwambiri. Pamsewu weniweni eni ake ambiri amapeza cha m'ma 20, zimene n'zabwinobe kwambiri poyerekeza ndi galimoto wamba ya msinkhu womwewo.

Ngakhale hybrid ili ndi malire, ndipo dalaivala wowadziwa amapindula kuposa wosawadziwa. Oyamba ali kuphazi. Mukafika pa maloboti mukuthamanga n'kuponda buleki mwamphamvu, mphamvu imatuluka pa mlingo wopitirira makilowati 100. Batire limatenga 20 ake aja, otsalawo amapita kumapadi. Madalaivala awiri a galimoto imodzimodzi, pamsewu umodzimodzi, akhoza kusiyana kwambiri pa mafuta chifukwa cha ichi chokha: wina amayamba kumanga ali patali, wina amadikira afike pafupi. Liwiro likatsika kufika cha m'ma makilomita 10 pa ola, mota imazungulira pang'onopang'ono moti situlutsanso zokwanira, ndiye mapadi ndi amene amamaliza kuimitsa.

Malire ena ndi kuchepa kwa batire lenilenilo. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Chikwawa msewu umatsika pafupifupi mamita 900. Kwa galimoto ya makilogalamu 1,200 kutsika kumeneku ndi mphamvu ya ma kilowatt-hour pafupifupi atatu. Batire la Aqua lonse ndi losakwana kilowatt-hour imodzi, la Prius ndi 1.3, ndipo kompyuta salola kuti lidzaziretu kapena kutheratu, imagwiritsa ntchito gawo lapakati lokha kuti likhalitse. Zotsatira zake n'zakuti batire limadzaza musanapite patali ndi chitsetsecho, kenako galimoto imabwerera ku mabuleki wamba. Ichi n'chifukwa chake pa ndodo ya giya pali chilembo B. Ambiri amayenda pa B m'tauni poganiza kuti akutchaja kwambiri, koma pa hybrid ya Toyota B imazunguza injini popanda mafuta kuti ithandize kugwira galimoto, ndipo mphamvuyo imatayika. Ntchito yake ndi ya pa zitsetse zazitali monga za ku Chikwawa, Chiweta kapena Khwekhwerere, kuti mabuleki asapse. Mukafika pansi bwererani pa D.

Galimoto yamagetsi okhaokha ilibe vuto limeneli. Nissan Leaf yoyamba, ya mu 2010, inali ndi batire la ma kilowatt-hour 24, loti likhoza kumeza chitsetse chonsecho bola musanyamuke pamwamba litadzaziratu. Ku Switzerland, pa mgodi wa miyala wa ku Péry kufupi ndi Biel, kuyambira 2018 kuli chilole chamagetsi chimene chimakwera phiri chopanda kanthu n'kutsika chitasenza miyala yolemera matani 65. Poti chimatsika chili cholemera kuposa mmene chinakwerera, chimabweza m'batire mbali yaikulu ya magetsi okwerera ulendo wotsatira.

Misewu yathu ili ndi zake zimene wopanga galimoto ku Japan sakumana nazo tsiku ndi tsiku. Tayala likagwera m'dzenje kapena likaterereka pa mchenga mukumanga buleki, ABS, njira yoteteza matayala kuti asakhwekhwerezeke, imalowererapo, ndipo kompyuta imasiya kaye kutchaja n'kupereka ntchito yonse kumapadi. Pa kamphindi kosinthanako dalaivala amamva ngati buleki yamasuka. Mu Febuluwale 2010 Toyota inaitanitsa magalimoto a hybrid oposa 400,000, ambiri mwa iwo a Prius, kuti ikonze pulogalamu ya mabuleki chifukwa cha madandaulo amenewa. Mukamva choncho musachotse phazi, pondanibe, mabuleki alipo.

Mdani wamkulu ndi fumbi ndi kutentha. Batire la hybrid limaziziritsidwa ndi fani imene imakoka mpweya wa m'galimoto momwemo kudzera pa kazenera kapulasitiki ka timipata kamene kali m'mbali kapena pansi pa mpando wakumbuyo. Pa takisi yoyenda m'makwalala afumbi mawindo ali otsegula, kazenerako kamatsekeka ndi fumbi, tsitsi ndi ulusi wa zovala. Nthawi zina wokwera amatsamiritsapo chikwama kapena thumba la ufa. M'mwezi wa Okutobala, galimoto itakhala padzuwa tsiku lonse, batire limatentha, ndipo kompyuta imaliteteza pochepetsa magetsi olowa. Pamenepo kutchaja pomanga buleki kumachepa, injini imalira nthawi zambiri, mwini wake n'kumadabwa kuti galimoto yayamba kumwa. Kutsuka kazenerako ndi faniyo ndi ntchito yaing'ono, koma ndi ochepa amene amauzidwa pogula. Onjezani kuti magalimoto ambiri amatifika ali ndi zaka khumi kapena kuposerapo. Batire lokalamba limadzaza msanga n'kutha msanga, ndipo mudzaliona pa dashibodi, mizere yake ikukwera n'kutsika m'kanthawi kochepa. Kusintha selo imodzi kapena awiri ndi ena akale otengedwa m'batire lina kumathandiza kwa kanthawi, koma maselo osafanana mphamvu sakhalitsa limodzi. Mapadi ndiye amakhalitsa kwambiri pa magalimotowa, ngakhale kuti kusagwira ntchito kwambiriko kumachititsa dzimbiri pa madisiki ndi tizitsulo tina tosuntha, choncho aziyang'anidwabe.

Pali mfundo imene otsatsa malonda saitchula kawirikawiri. Mphamvu yogwidwa pomanga buleki imadutsa mu mota, mu inverter (chipangizo chosintha mtundu wa magetsi), kulowa m'batire, kenako kubwereranso njira yomweyo, ndipo paliponse pamatsala kena kake. Ikamafikanso kumatayala, gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo latayika. Kutanthauza kuti ngakhale pa hybrid yabwino kwambiri, kusamanga buleki kumaposa kumanga. Dalaivala amene amaona hampu ali patali n'kuchotsa phazi pa moto, amene amasiya mpata pakati pa iye ndi galimoto yakutsogolo, amene sathamangira loboti yofiira, amapulumutsa mafuta pa galimoto ya mtundu uliwonse osagula chipangizo chilichonse.

Izi sizikutanthauza kuchotsa giya. Madalaivala ena a minibasi ndi malole amaika pa free akamatsetsereka, enanso amafika pozimitsa injini, poganiza kuti akusunga mafuta. Pa injini yamakono ya ma injector, mukachotsa phazi pa moto galimoto ili mu giya, kompyuta imatseka mafuta onse, matayala ndi amene amazunguza injini. Mukaika pa free injini imayenera kumwa kuti isazime. Ndiye mafuta mukutaya, alternator yamakono mwaimana mpata wake wotchaja, ndipo kulemera konse kwa galimoto mwakusiyira mabuleki okha, amene akatentha kwambiri amasiya kugwira. Mukazimitsa injini ndiye buleki imauma, chiwongolero n'kulimba. M'galimoto yodzaza anthu, chizolowezi chimenechi n'kuseweretsa miyoyo, ndipo wokwera ali ndi ufulu wonse wodzudzula.

Nanga munthu agule chiyani? Kwa amene amathera tsiku m'misewu ya Lilongwe, Blantyre kapena Lusaka, makamaka wa takisi, hybrid yeniyeni yokhala ndi batire lamoyo imabweza ndalama zake, ndipo kutchaja pomanga buleki ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu. Kwa amene ulendo wake ndi wa Lilongwe mpaka Mzuzu osaimaima, phindu la mabuleki ndi lochepa, ndipo galimoto yaing'ono ya petulo yosamalidwa bwino sitsalira patali. Alternator yamakono ndi yabwino kukhala nayo, koma si chifukwa chowonjezerera ndalama zambiri pogula. Musanalipire hybrid yogwiritsidwapo kale ntchito, pemphani kuti ilumikizidwe ku kompyuta yopimira, muone ndi maso anu ngati mavolti a magulu onse a maselo akufanana.

Pempho langa lalikulu likupita kwa eni magalaja ndi masukulu ophunzitsa ntchito zamanja. Mawaya a mtundu wa olenji a m'magalimotowa amanyamula magetsi oopsa, mu Prius ya 2009 amafika mavolti 650, okwanira kupha munthu amene wawagwira mosadziwa. Anyamata ndi atsikana amene akuphunzira umakaniko lero adzakumana ndi magalimoto amenewa moyo wawo wonse wa ntchito. Aphunzitseni kuchotsa pulagi yotetezera asanagwire kanthu, agulireni magolovesi oyenera, ndipo aphunzitseni kuwerenga zimene kompyuta ya galimoto ikunena asanauze mwini wake kuti agule chipangizo chatsopano.